Kwa a Dorze, kumene kambuku amasala nyama Lachitatu

Kuchoka ku Arba Minch, kum'mwera kwa Ethiopia, msewu wa ku Chencha ndi chikweza chokhachokha. Nyanja za Abaya ndi Chamo zimatsalira kumunsi, ndipo pofika kwa a Dorze ndinali nditavala kale juzi.

Nyumba zawo n'zansungwi zolukaluka, zazitali zedi, khomo lake lotulukira kunja ngati mphuno ya njovu. Chiswe chikadya m'munsi, amadula powolapo, nyumba n'kufupika koma osagwa. Mayi wina anandionetsa mmene amapalira enset, chomera chofanana ndi nthochi koma chosadyedwa zipatso. Zopalazo amazikwirira m'dzenje kwa miyezi mpaka zisase, kenako n'kuphika buledi wotchedwa kocho. Ndi wowawasa, ndipo ndinamumva kukoma nditamupaka uchi.

Komatu chinandikokera kuno ndi Dan Sperber, Mfalansa wobadwa mu 1942, amene anakhala pakati pa anthuwa akufufuza chikhalidwe chawo. M'buku lake la mu 1974, Le symbolisme en général, anafotokoza kuti a Dorze ankati kambuku ndi Mkhristu, amasala nyama Lachitatu ndi Lachisanu monga mpingo wa Orthodox umalamulira. Chikhalirecho, masiku amenewo ziweto ankazilondera monga mwa nthawi zonse.

Sperber sanawatenge ngati anthu osokonezeka. Iye anaona kuti munthu amasunga zikhulupiriro mwa njira ziwiri. Zina wazionera yekha ndipo ndi zimene zimamuuza kuti atseke khola. Zina wangozimva kwa akuluakulu odalirika, n'kuzivomera asanazimvetse n'komwe. Kwa ine mfundoyi ndi yaulemu kuposa mabuku ambiri a azungu onena za ife, chifukwa imakhudzanso pulofesa wa ku Paris.

Funso limeneli linamutengera ku sayansi ya mmene maganizo a munthu amagwirira ntchito. Mu 1986 iye ndi Deirdre Wilson, katswiri wa zilankhulo, analemba buku la Relevance, ndipo mu 1996, m'buku la Explaining Culture, Sperber ananena kuti kufala kwa miyambo tizikufufuza monga amafufuzira mliri: n'chifukwa chiyani nkhani zina zimagwira anthu msanga, zina n'kufera panjira?

Za kambukuyo ndinafunsa mnyamata wondiperekeza. Anaseka kwambiri, n'kunena kuti zoterozo ndikafunse agogo ake, kenako anandikokera kwa abambo owomba nsalu kuti ndikagule mpango.