Musanapereke filimu yanu ku mpikisano, pemphani kuiyesa pa makina awo

Zatha tsopano. Filimu yathu yaonetsedwa, mphotho zaperekedwa, ndipo ndayambanso kugona tulo tabwino. Anzanga angapo andifunsa kale kuti chaka chamawa angalowe bwanji mpikisano wa mafilimu afupiafupi ngati umenewu, ndiye ndaona kuti ndibwino ndilembe zonse mtima ukadali wotentha, ndisanaiwale pamene panativuta.

Za kulemba nkhani, kupeza ochita sewero ndi kujambula sindinenapo zambiri. Munthu woganiza zolowa mpikisano zimenezo amakhala akuzidziwa kale, ndipo kunena zoona, ndiye mbali yokoma ya ntchito yonseyi. Mavuto anayamba filimu itatha.

Choyamba ndi kutalika kwa filimu. Bungwe lopereka mphotho za Oscar limati filimu yaifupi ndi ya mphindi 40 kapena kucheperapo, kuwerengera ndi mayina a kumapeto omwe. Koma mipikisano ya m'madera kawirikawiri imafuna yaifupi kwambiri kuposa pamenepo, chifukwa okonza amafuna kuonetsa mafilimu ambiri madzulo amodzi. Kwathu malire anali mphindi 10. Mphindi zimenezo zimayambira pa chithunzi choyambirira mpaka pa dzina lomaliza, osati pamene nkhani yathera. Gulu lina linabwezedwa chifukwa mayina awo othokoza abale ndi abwenzi anapitirira ndi masekondi ochepa chabe. Ndinawamvera chisoni, koma apa okonza sanalakwe, zinalembedwa poyera.

Ndalama yolembetsera imakwera nthawi ikamayandikira kutseka. Olembetsa koyambirira amalipira zochepa, ochedwa amalipira zambiri, ndipo ndalamayo sibwezedwa ngakhale filimu yanu itapanda kusankhidwa. Ngati muli ophunzira kapena gulu lopanda wolithandiza, lembani kalata yaulemu yopempha kuti akuchotsereni kapena akuchepetsereni. Sikupemphetsa kumeneko, mipikisano yambiri imalola. Ambiri masiku ano amalandira mafilimu kudzera pa tsamba la pa intaneti la FilmFreeway, ena amangofuna fomu ndi linki. Chofunika kusamala ndi choti musaike filimu yanu poyera pa YouTube kapena pa Facebook mpikisano usanachitike, chifukwa mipikisano ina imakana filimu imene anthu anaionera kale pa intaneti. Ikani pa Vimeo, tsamba lina la makanema, ndi mawu achinsinsi, kapena pa linki yobisika, ndipo musasinthe mawu achinsinsiwo mpaka majaji atamaliza.

Tsopano tsiku limene linandipsetsa mtima.

Titasankhidwa, tinalandira uthenga woti tikapereke filimu yodzaonetsa ku ofesi ya okonza mpikisano. Uthengawo unangoti filimu ikhale yooneka bwino kwambiri. Basi. Sunanene mtundu wa fayilo, kukula kwa chithunzi, kapena liwiro la mafelemu, kutanthauza kuchuluka kwa zithunzi zodutsa pa sekondi iliyonse. Tinafunsa pa imelo, sanayankhe. Tinaimba foni, wolandirayo anati ingobweretsani yabwino imene muli nayo. Ndiye tinatulutsa ya ProRes, mtundu umene akatswiri amasungiramo filimu chifukwa sutaya kwenikweni ubwino wa chithunzi, koma fayilo yake imakhala yaikulu zedi.

Ndinafika m'mawa ofesi itangotsegulidwa. Mnyamata amene ndinamupeza analumikiza diski yanga pa laputopu yawo n'kuyamba kukopera filimuyo mu fulashi ya ofesi. Inakana. Anayesanso, inakananso. Anandiyang'ana n'kunena kuti fayilo yanu ndi yowonongeka, mukakonzenso. Mtima unandigunda. Filimu imeneyo ndinali nditaionera yonse usiku wathawo popanda vuto lililonse. Nditapempha kuti ndione uthenga umene laputopuyo inkalemba, ndinapeza kuti inkati fayiloyo ndi yaikulu moti singalowe mu fulashimo, chonsecho fulashiyo inali ndi malo ambirimbiri. Vuto linali loti fulashi yawo inakonzedwa mwa FAT32, njira yakale yosungira mafayilo, ndipo FAT32 silandira fayilo imodzi yopitirira 4 GB ngakhale malo atakhalapo otani. Kuti ilandire imayenera kufomatidwa kukhala exFAT kapena NTFS. Ndinamufotokozera zimenezi. Anati sangafomate chifukwa munali kale mafilimu a anthu ena, zomwe zinali zomveka. Ndinati ndiye tikopere pa laputopu pomwepo. Anati alibe chilolezo, tidikire wa zamakina.

Wa zamakinayo anati akubwera posachedwa. Ndinakhala pa benchi ya pakhonde dzuwa likusuntha, anthu ena akubwera ndi mafulashi awo, ena akubwezedwa ndi mawu omwewo akuti fayilo yawonongeka. Mayi wina amene anajambula filimu ya agogo ake anatuluka misozi ili m'maso, akuganiza kuti ntchito yake yonse yapita m'madzi. Ndinamuthamangira n'kumuuza kuti asafufute kanthu, filimu yake ili bwinobwino. Mpaka lero ndikaganiza za mayi ameneyu ndimapsa mtima, chifukwa munthu sauzidwa kuti ntchito yake yawonongeka ndi munthu amene sanawerenge n'komwe zimene makina alemba.

Wa zamakina anafika madzulo. Sanaitsegule n'komwe filimuyo. Atangoona dzina la fayilo anati ProRes sitilandira, laputopu yoonetsera siingakwanitse, tikufuna MP4 ya H.264, kukula 1920x1080, mafelemu 25 pa sekondi, mawu a sitiriyo a 48 kHz. Anazinena zonsezi pamtima, mosajejema, kusonyeza kuti ankazidziwa kuyambira kalekale. Nanga bwanji sanazilembe pa fomu? Bwanji sanaziike mu uthenga uja? Mzere umodzi wokha ukanakwanira. Ndinamufunsa mwaulemu, iye anangoti aliyense amadziwa. Ayi, si aliyense amadziwa. Mpikisano wa m'dera amaukonzera anthu amene akuyamba kumene, aphunzitsi, ana asukulu, anthu ojambula ndi foni Loweruka ndi Lamlungu. Ngati okonza akuganiza kuti aliyense amadziwa, ndiye aiwala anthu amene anawaitana.

Ndinatsegula laputopu yanga pomwepo kuti nditulutsenso filimuyo, koma ofesi inatsekedwa isanamalize. Tsiku lathunthu linapita, ndipo ndinali nditapempha tchuthi kuntchito chifukwa cha zimenezi.

Choncho malangizo anga aakulu ndi awa: musadikire kuti akuuzeni. Mukangosankhidwa, pitani kapena lembani, funsani mtundu wa fayilo, kukula kwa chithunzi, liwiro la mafelemu ndi mtundu wa mawu, ndipo muumirire kuti ayankhe molemba. Kenako pemphani kuti muyese filimu yanu pa makina awo omwewo, muholo momwemo, tsiku loonetsa lisanafike. Tengani mafayilo awiri, yaikulu ndi yaing'ono, pa fulashi yanu ya exFAT.

Nkhani ya mafelemu ija si yaing'ono ayi. Ife tinajambula pa mafelemu 24 pa sekondi, monga amachitira mafilimu ambiri a m'nyumba zoonetsera kanema. Okonza athu ankalumikiza mafilimu onse kukhala fayilo imodzi yaitali ya 25 kuti asamavutike kutsegula imodziimodzi pa tsikulo. Filimu ya 24 ikangoponyedwa mu 25 mosasamala, chithunzi chimayenda modukizadukiza, makamaka kamera ikamatembenuka. Ndinakonda kusintha ndekha kunyumba, n'kuonetsetsa kuti milomo ndi mawu zikuyendera limodzi, kusiyana ndi kusiyira munthu amene ali ndi mafilimu ambirimbiri oti athane nawo usiku umodzi. Amene mumajambula ndi foni, dziwaninso kuti mafoni ambiri amasinthasintha liwiro la mafelemu mkati mwa kujambula, ndipo zimenezi zimapangitsa mawu kutsalira kapena kutsogola mukamalumikiza zithunzi. Dutsitsani kaye zonse mu HandBrake, pulogalamu yaulere, muike liwiro lokhazikika, kenako muyambe kulumikiza. Polumikizapo ife tinagwiritsa ntchito pulogalamu yaulere ya DaVinci Resolve, ndipo inatikwanira.

Ndatsala pang'ono kuiwala za mapepala, chonsecho amenewa amafunika musanajambule n'komwe. Munthu aliyense wooneka kapena kumveka mu filimu asaine chikalata chovomereza, ndipo ngati ndi mwana, asaine ndi kholo kapena womuyang'anira. Mwini malo amene mwajambulapo nayenso asaine. Okonza athu anafuna zikalata zimenezi titasankhidwa kale, ndipo magulu amene analibe anayamba kusakasaka anthu amene anajambula nawo miyezi yapitayo, ena atasamuka.

Nyimbo ndiye msampha weniweni. Nyimbo imodzi imakhala ndi umwini pawiri: wa amene anaipeka, ndi wa amene anaijambula mu situdiyo. Mumafunika chilolezo cha onse awiri. Pangano la mayiko la Berne, lokhudza umwini wa zopeka, limati umwini wa wopeka ukhalepo kwa zaka zosachepera 50 iye atamwalira, ndipo mayiko ambiri anafikitsa pa 70. Ndiye ngakhale nyimbo itakhala yakalekale moti wopekayo anamwalira zaka mazana apitawo, kajambulidwe kake kaposachedwa kamakhalabe ndi mwini. Kulemba dzina la woimba kumapeto si chilolezo. Nyimbo za Creative Commons, zimene eni ake amalola anthu kugwiritsa ntchito ulere, zilipo, koma werengani bwino zilembo zake. Yokhala ndi NC imaletsa kuigwiritsa ntchito pa zamalonda, ndipo ngati pakhomo akulipiritsa kapena pali mphotho ya ndalama, mukhoza kupezeka m'mikangano yosafunika. Ife tinapempha mnzathu woimba gitala kuti atipekere, n'kusainirana kapepala. Nyimbo yake inagwirizana ndi nkhani yathu kuposa ina iliyonse imene tikanabwereka.

Werenganinso ndime imene imanena zomwe mukuwalola okonza kuchita ndi filimu yanu. Kuionetsa pa chionetserocho ndi kudula kachidutswa kotsatsira, palibe vuto. Koma mukaona mawu oti iwo okha ndiwo adzakhale ndi ufulu woionetsa, kapena oti ufuluwo ulibe malire a nthawi, funsani musanasaine.

Kubwerera ku zoyesa kuja. Nditakakamira, anandilola kulowa muholo tsiku limene ankamangirira pulojekita, ndipo ndi pamene ndinamva kuti mawu a ochita sewero akumira mu nyimbo. M'mahedifoni zonse zinkamveka bwino, koma holo ndi ina: makoma amabweza mawu, masipika akuluakulu amakweza kugunda kwa pansi, ndiye mawu a munthu wolankhula motsitsa amasowa. Ndinabwerera kukatsitsa nyimbo paliponse pamene munthu akulankhula. Anthu amapirira chithunzi chakuda pang'ono, koma akalephera kumva zolankhula amayamba kuyang'ana mafoni awo.

Ndinaonanso kuti mawu omasulira a pansi pa kanema sakutuluka. Tinawapereka pa fayilo yapadera ya SRT, koma polumikiza mafilimu onse kuja fayilo imeneyo inasiyidwa. Ndinawamatiratu pa chithunzi kuti asachokenso. Akhale mizere iwiri yokha, mzere uliwonse zilembo pafupifupi 42, oyera okhala ndi mkombero wakuda, ndipo muwakweze pang'ono chifukwa okhala kumbuyo amatchingidwa ndi mitu ya anzawo. Ndikanapanda kuyesa, zonsezi ndikanazizindikira holo itadzaza kale. N'chifukwa chake ndikubwerezanso: yesani pa makina awo, muholo momwemo. Akakana, pemphani ngakhale mphindi ziwiri zokha.

Tsiku loonetsa linayenda bwino, ndipo apa ndiyenera kuwayamikira anthu odzipereka amene ananyamula mipando, kulandira alendo ndi kugawa timapepala tovotera popanda malipiro. Fikani msanga, mudzionetse kwa woyendetsa mwambo kuti adziwe katchulidwe ka dzina lanu ndi la filimu. Mafilimu akatha amaitana opanga kutsogolo kuti ayankhe mafunso. Konzekerani kunena mwachidule chifukwa chimene munapangira filimuyo, ndipo muitane amene munagwira nawo ntchito aimirire, chifukwa wogwira maikolofoni ndi wophikira gulu saoneka pa chithunzi koma popanda iwo filimu palibe.

Mphotho zinali za mitundu iwiri, ya majaji ndi ya oonerera. Ya oonerera imapita kawirikawiri kwa amene wabwera ndi anthu ambiri, ndiye musakhumudwe nayo, komanso musachite manyazi kuitana anzanu. Ife sitinapambane mphotho yaikulu. Inapita kwa filimu ya mayi uja wa agogo ake, ndipo ndinaimirira kuomba m'manja ndi mtima wonse, chifukwa inali yoyeneradi. Filimu imeneyo inatsala pang'ono kusaonetsedwa chifukwa cha fulashi.

Chimene sindinachiyembekezere ndi mmene zimamvekera kukhala pakati pa anthu osawadziwa akuonera zimene unalemba wekha. Anaseka pamalo amene ife sitinkaona ngati n'poseketsa, ndipo anakhala chete pamene tinkaopa kuti atopa. Mphindi 10 zimenezo zinandiphunzitsa zambiri za filimu yathu kuposa miyezi yonse yoilumikiza.

Mwambo ukatha musathamangire kunyumba. Pitani kwa majaji muwafunse zimene anaona, ambiri amayankha mosabisa mukawafunsa mwaulemu. Mmodzi anandiuza kuti nkhani yathu imayamba mochedwa, ndipo tikudula kale chiyambicho. Pemphani okonza akutumizireni chizindikiro chosonyeza kuti filimu yanu inasankhidwa, chija chimaikidwa pa positala, chifukwa chimathandiza mukamatumiza kwina. Ndipo musafufute fayilo yaikulu ija ya ProRes. Sungani pa madiski awiri, pamodzi ndi mawu, nyimbo ndi SRT, chilichonse pachokha. Zionetsero zochitikira m'nyumba zenizeni za kanema zimafuna DCP, mtundu wapadera wa mafayilo oonetsera pa makina awo, ndipo imeneyo mukhoza kuipanga nokha ndi DCP-o-matic, yomwenso ndi yaulere, koma imatuluka bwino mukayambira pa fayilo yaikuluyo osati pa MP4 yopanikizidwa.