Ndowa 75 pa sabata, kuthirira chinthu chosadyedwa

15 Okutobala, ku Area 49

Ndadzuka 4 koloko m'bandakucha. Lero ndi holide, Tsiku la Anakubala, ndipo munthu wanzeru akanagona mpaka dzuwa litamupeza pabedi. Koma masiku ano madzi kwathu kuno amabwera ndi mphamvu usiku wokhawokha, kukacha mpope umangotsokomola. Ndiye ndinatuluka ndi tochi ya pafoni, ndinalumikiza paipi, n'kuima pakati pa kapinga ngati mlonda.

Kapinga wanga si wamkulu, mamita 10 m'litali, 6 m'lifupi. Ndinamudzala mu Disembala zaka zitatu zapitazo, mbewu yake ndinagula kwa anyamata ogulitsa maluwa m'mbali mwa msewu. Mu Febuluwale amabiriwira moti odutsa amasuzumira pageti. Lero akuoneka ngati mphasa yakale imene ana aisiya padzuwa.

Sabata yatha ndinachita masamu amene andisowetsa mtendere. Kuti kapinga akhale wobiriwira m'chilimwe, amafuna madzi okwana mamilimita pafupifupi 25 pa sabata. Milimita imodzi pa malo a mita imodzi mbali zonse ndi lita imodzi. Kwa ine ndiye kuti malita 1,500, kapena kuti ndowa 75 za malita 20. Pa sabata imodzi! Ndinaika zitini zitatu za nsomba pakapingapo kuti ndione ngati kuwaza kwanga kwa tsiku ndi tsiku kumafikako. Patatha mphindi 20, m'chitini munali madzi osamiza ngakhale chikhadabo. Ndiye kuti mwezi wonsewu ndakhala ndikungonyowetsa pamwamba. Dothi lathu la katondoli likauma limalimba ngati njerwa, madzi amangotsetsereka kupita kungalande, ndipo mizu ikazolowera kupeza timadzi pamwamba siilowanso pansi. Dzuwa la 11 koloko likafika imapsa yonse.

Cha m'ma 5 ndinamva chitseko. Amayi anabwera dzulo kuchokera ku Mitundu kuti tidzadye nawo tsiku lawoli, ndipo iwo tulo ta m'mawa sakudziwa. Anakhala pakhonde, kudzifunditsa chitenje, kundiyang'ana nthawi yaitali osayankhula.

"Inu bambo, mwadzala chiyani pamenepo?"

Amayi akayamba kunditchula kuti "inu bambo" ndimadziwa kuti mlandu wayandikira.

"Ndi kapinga, amayi."

"Ndikumuona. Mbuzi zake zili kuti?"

Akazi anga anaseka kukhitchini, osatuluka kudzandithandiza. Ndinayesa kufotokoza kuti udzuwu umachepetsa fumbi lolowa m'nyumba, kuti bwalo la simenti kapena la dothi lokhalokha limatentha ngati chiwaya masana, kuti mvula ikagwa ana salowetsa matope ndipo dothi silikokoloka. Zonsezi n'zoona. Koma amayi nawo ali ndi zifukwa zawo, ndipo si zachibwana. Kwathu udzu wapakhomo umapalidwa ndi khasu, bwalo limasesedwa m'mawa uliwonse, kuti njoka ikadutsa usiku uone mkukuluzi wake pafumbi, komanso kuti moto wa alenje a mbewa usafike padenga. Kwa iwo khomo lomera udzu ndi khomo la mlesi. Ine ndikulipira bilu ya madzi kuti ndioneke mlesi.

Cha m'ma 8 anafika bambo amene amatitchetchera, chikwakwa chili paphewa, atachinola bwino. Ndinawaletsa. Chaka chatha mwezi ngati uno ndinawauza kuti amete mpala poganiza kuti adzaphuka watsopano, ndipo zotsatira zake dothi linakhala pamtetete, dzuwa n'kuwotcha mpaka mitu ya mizu. Kukatentha kapinga amafunika kumusiya wotalikirapo kuti adziphimbe yekha, ndipo ngati n'kumudula, kungochotsa nsonga, osapyola gawo limodzi mwa magawo atatu. Bambowo sanatsutse, ganyu yawo sinathe chifukwa ndinawapatsa foloko yam'dimba kuti abayebaye dothi madzi azipeza polowera. Ndi iwo amene anandionetsa chiswe kumpanda, chikudula tiudzu touma n'kumakokera kudzenje. Iwo akuti tigule mankhwala, amayi akuti phulusa. Pakadali pano tangochotsa udzu wakufa wonse ndi leki, chifukwa pabwalo pomwepo ndi pamene kamwana kathu kamakwawa.

Zimene zandikhalira m'mutu tsiku lonse zinachitika pambuyo pake. Ndinali kudandaula kuti kona ya kugeti yafa, mwina ndidzagule mbewu ina. Amayi anadzuka, anatenga khasu la bambo aja, anakhapa kamodzi pomwe panafiiritsitsa, n'kutembenuza chibuma. Pansi panali timitsitsi toyera tolimba, ta mfundomfundo ngati nzimbe yaing'ono. Anathyola kamodzi, m'kati munali mwamadzi.

"Uyu wafa? Wagona uyu. Ife kumunda timalimbana naye chaka ndi chaka. Timamuzula, timamuunjika, timamuwotcha, koma mvula ikangogwa kawiri wabwerera pamzere. Mukasiya mfundo imodzi m'dothi mwasiya munda wonse. Inu mukuopa kuti aphedwa ndi Okutobala?"

Ndinasowa choyankha. Udzu umene wapinda msana wa amayi kwa zaka zonsezi, umene unkandichititsa matuza m'manja ndili mwana popalira chimanga, ndi womwewu ndikuudzukira 4 koloko ngati wodwala wa kuchipatala. Kapinga akasowa madzi amaumitsa masamba dala, moyo n'kuusunga pansi. Kufiirako ndi njira yake yodikira dzinja.

Masana sitinachite zambiri. Nyenje zinali kulira mumtengo wa mango mpaka makutu kuwawa, kamvuluvulu anadutsa mumsewu n'kutisiyira majumbo pabwalo. Tinapita ndi amayi kutauni, mitengo ya jakaranda yachita maluwa ake ofiirira aja m'misewu, anasankha chitenje, tinabwerera kudzadya nsima ya nkhuku ya lokolo. Podutsa pa mlatho wa mtsinje wa Lilongwe anayang'ana pansi n'kupukusa mutu. Madzi amene timamwa mumzinda muno amachokera mumtsinje womwewu, amasungidwa m'madamu awiri a Kamuzu ku Malingunde, ndipo gwero lake ndi nkhalango ya Dzalanyama, komwe kumachokera matumba ambiri a makala amene timawaona panjinga m'mawa uliwonse. Madzi ayenda mtunda wonsewo, athiridwa mankhwala kuti munthu amwe, ine n'kumawathira paudzu pomwe ena ku Mtandire ali pamzere ndi zigubu. Sindikunena kuti aliyense wa kapinga wobiriwira ndi wochimwa, ena ali ndi zitsime zawo. Koma ine ndilibe.

Cha m'ma 3 fungo linatipeza tisanaone galimoto. Aneba agula zinyenyeswa za fodya za ku Kanengo, awaza pakapinga wawo yense. Aliyense wokhala mu Lilongwe amalidziwa fungo limeneli, likamveka ndiye kuti anthu ayamba kukonzekera mvula. Ndi manyowa abwino, koma amafuna madzi ambiri kuti alowe pansi, ndipo aneba ali ndi thanki. Anandiitanira pampanda kuti, "Achimwene, atsala matumba awiri, tengani." Ndatenga, ndasunga kuseri. Phunziro ndinalipeza kale ndi yureya. Feteleza ameneyu ndi waukali, 46 peresenti ndi nayitrojeni, ndipo ine ndinamuwaza pakapinga wouma dzuwa lili pamutu. Panatuluka zigamba zakupsa ngati munthu wadutsapo ndi simbi yamakala. Chaka chino chilichonse chodyetsa udzu chidikira mvula ikhazikike mu Disembala.

Madzulo tinagwirizana chonchi, ine ndi akazi anga, amayi ali wapampando. Tisamala kachigawo kakang'ono kutsogolo kwa khonde, mamita 4 kwa 3, pomwe ana amasewera ndipo mthunzi wa nyumba umafikapo masana. Pansi pa mango ayi, kapinga sakonda mthunzi wambiri, amangonyozoloka. Kachigawoka kakufuna ndowa 15 pa sabata, ndipo zambiri zichokera m'madzi otsukuluzira zovala ndi osambira. A bulichi ndi otsukira mbale zamafuta asafikepo. Tizithirira kawiri pa sabata, mokhathamiritsa, m'mawa dzuwa lisanatuluke, chifukwa masana madzi ambiri amangouluka. Kwinako agone, tizingomumwetsa kamodzi pa masabata awiri kapena atatu kuti mizu isaumiretu.

Amayi nawo sanatuluke chimanjamanja pa zokambiranazi. Alanda mzere wonse wa kumpanda, akuti pamenepo pakhale mpiru, bonongwe ndi maungu, kuti madzi akamatayika pakhale chobwera m'mbale.

Dzuwa likulowa kumadzulo kunachita timitambo takuda. Ndinati mwina ndi chizimalupsa. Amayi anakweza mphuno, kununkhiza mphepo, anati ayi, imeneyo ikadali kutali. Panopa agona, koma nthanga za maungu aziyala kale pawindo, ndipo andiuza kuti khasu likhale pakhomo 5 koloko isanakwane, mizu ya kapinga wa kumpandayo akufuna aichotse okha mfundo iliyonse.