Mmene ndimalembera ma invariant a KVec mu kernel ya Linux

Anzanga amene tikuphunzira Rust limodzi kuno ku Salima, nayi njira yomwe ndimatsata polemba ma invariant, malamulo omwe ayenera kukhala oona nthawi zonse mu kodi. Rust, chilankhulo cholembera mapulogalamu, inalowa mu kernel, phata la Linux, pa version 6.1 mu Disembala 2022, ndipo kuyambira pa 6.13 kernel ili ndi Vec yakeyake (mndandanda wa zinthu womwe umatha kukula) mu rust/kernel/alloc/kvec.rs. Ndimatsitsa kodi ndi git clone --depth 1 kuti bandulo isathe msanga, kenako make LLVM=1 rustavailable kuti ndione ngati rustc ndi bindgen, zida zofunika pomanga kodi ya Rust, zili bwino.

Ndisanalembe kalikonse ndimayang'ana struct ya Vec, pomwe palembedwa zigawo zake. Muli ptr (pointa yoloza memory), layout (kukula kwa malo omwe anapemphedwa, komwe capacity imachokera) ndi len (chiwerengero cha zinthu zomwe zilimo), komanso chizindikiro cha allocator, yomwe imapereka memory: pa mitundu ya Vec, KVec imatenga memory ku Kmalloc, VVec ku Vmalloc, KVVec ku KVmalloc. Capacity ili ngati kukula kwa nkhokwe, pomwe len ndi chimanga chomwe mwathiramo kale. Malo opyola len alipo ndithu, koma muli zotsalira za yemwe anagwiritsa ntchito memory imeneyo kale, ndipo kuziwerenga ngati zinthu zenizeni ndiko kumagwetsa kernel.

Pamwamba pa struct, pansi pa mutu wa # Invariants, ndimalemba zomwe ziyenera kukhala zoona nthawi zonse. Ptr ikhale ndi alignment yoyenera (adiresi yogwirizana ndi mtundu wa chinthucho) ndipo iloze memory yochokera ku allocator yomweyo yomwe idzaibweze. Len isapose capacity, ndipo zinthu zoyamba zokwana len zikhale zolembedwa kale. Chiganizo chilichonse ndimachiyesa ndi funso limodzi: kodi pali mzere wa unsafe (kodi yomwe Rust siingatsimikize yokha kuti ndi yotetezeka) womwe udzachitchule? Ngati palibe, chiganizocho n'chokongoletsa chabe.

Apa pali msampha womwe ambiri sauona. Pali mitundu ya zinthu yopanda kukula konse, ya mabayiti 0. Kwa iyi sipapemphedwa memory, ptr siloza malo enieni ngakhale alignment yake ili bwino, layout imakhala 0, koma capacity imabweza usize::MAX, nambala yaikulu kwambiri yomwe len ingafike. Mukalemba kuti len siposa layout ndiye kuti mwalemba bodza, chifukwa push (kuwonjezera chinthu) ikangoyenda kamodzi lamulolo lasweka. Lembani kuti len siposa capacity, ndipo nkhani ya mitundu imeneyi ikhale ndi chiganizo chakechake.

Ndikatero ndimasaka ndi grep paliponse pomwe len, ptr kapena layout zikusinthidwa. Ndemanga zilipo zitatu ndipo sizisinthanitsidwa. Mutu wa # Safety umakhala pa fankishoni ya unsafe, kuuza woiitana udindo wake. Ndemanga ya // SAFETY: imakhala pamwamba pa buloko ya unsafe, kufotokoza chifukwa chake udindowo wakwaniritsidwa pomwepo. Ya // INVARIANT: imakhala pomwe mwasintha len, ptr kapena layout, kusonyeza kuti lamulo likadali chilili.

Pa push dongosolo ndi ili: reserve malo a chinthu chimodzi, lembani chinthucho m'malo oyamba a spare_capacity_mut (malo opyola len), kenako kwezani len. Mukayamba ndi kukweza len, pamakhala kamphindi komwe Vec ikunena kuti ili ndi chinthu chomwe kulibe. Pa truncate (kufupikitsa Vec) n'zosemphana: tsitsani len kaye, kenako fafanizani zomwe zachotsedwa ndi drop_in_place, kuti chinthu chimodzi chisafafanizidwe kawiri. Ndimaona kuti olemba kernel anachita bwino kuchotsa set_len n'kuika inc_len ndi dec_len, chifukwa kukweza ndi kutsitsa zili ndi maudindo osiyana. Woitana inc_len amalonjeza kuti chiwerengero chomwe akuwonjezera sichiposa capacity kuchotsera len komanso kuti malowo walembamo. Woitana dec_len amasenza udindo wa zinthu zomwe zatuluka.

Reserve imafuna kufatsa. Capacity yatsopano ndi yaikulu pakati pa kuwirikiza yakale ndi len kuphatikiza zomwe zapemphedwa. Masamu amenewa akhoza kusefukira, choncho ArrayLayout imakana kukula kopyola isize::MAX mabayiti. Realloc, yomwe imakulitsa memory, ikalephera imabweza AllocError, ndipo ptr ndi layout zisakhudzidwe. Zimasinthidwa pamodzi pokhapokha realloc yatheka. Ndimalembanso poyera kuti pointa iliyonse yomwe munatenga ndi as_mut_ptr musanaitane reserve ikhoza kukhala yakufa, popeza memory mwina yasamutsidwa. Kumbukiraninso kuti kupempha memory ndi GFP_KERNEL kukhoza kugoneka kodi podikira memoryyo, ndiye pomwe mwagwira spinlock (loko yosalola kugona) pamafunika GFP_ATOMIC.

Ndemanga yonena kuti "apa m'potetezeka" sindiilandira. Yabwino imatchula lamulo lomwe ikudalira, mwachitsanzo kuti reserve yatsimikiza kuti capacity yaposa len, choncho malo oyamba opanda kanthu alipo.

Zotsalazo n'zachangu. Ndimayendetsa make LLVM=1 CLIPPY=1, yomwe imadandaula buloko ya unsafe ikasowa ndemanga, ngakhale siingadziwe ngati ndemangayo ikunena zoona; zimenezo n'zanu ndi wokuwerengerani. Kenako make LLVM=1 rustdoc ndi rustfmtcheck. Zitsanzo za m'ndemanga ndimaziyesa ndi KUnit (chida choyesera kodi ya kernel) mu QEMU (kompyuta yoyerekezera) nditayatsa CONFIG_RUST_KERNEL_DOCTESTS, ndipo ndimaikamo Vec yopanda kanthu, yodzaza ndendende, ndi ya mitundu ya mabayiti 0. KASAN imagwira kulemba kopyola malire. Kukonza ndemanga ndimakuika mu patch yakeyake, kosiyana ndi kusintha kodi, ndipo iliyonse imadutsa pa scripts/checkpatch.pl ili ndi mzere wa Signed-off-by.