Anandibweza pakhomo chifukwa cha dzina la agogo

Lachitatu lapitali ndinalumbira m'holo ya khonsolo yathu, chithunzi cha Mfumu Charles III chili patsogolo, ndipo satifiketi ya unzika wa Britain ili m'kabati tsopano, pansi pa mabulangete. Ndati ndilembe mtima usanazizire, chifukwa ndikachedwa ndiyamba kunama kuti zonse zinayenda bwino.

Ndiyambe ndi tsiku limene linandiwawa, zinazo zibwera.

Munali mu Okutobala 2022. Mayeso a Life in the UK, amene umayenera kukhoza usanapemphe unzika, umalembetsa pa intaneti, umalipira £50, ndipo tsiku umalisungitsa kutatsala masiku osachepera atatu. Ine polembetsa ndinaika dzina langa loyamba ndi la bambo, monga ndimachitira paliponse. Pa pasipoti yanga pali maina atatu. Lapakatilo ndi la agogo anga aakazi, palibe amene amandiitana nalo, ngakhale mayi anga ankachita kulikumbuka akakwiya. Ndinasinthana shifiti ndi mnzanga, kudzuka kusanache, kukwera sitima kupita m'tauni ina kumene kunali malo olembera. Mtsikana wa pakhomo anayang'ana pasipoti, kuyang'ana kompyuta, kuyang'ananso pasipoti, nkuti maina sakufanana. Ndinati nkhope ndi yangayi, tsiku lobadwa ndi lomweli, nambala ya pasipoti ndi yomweyi. Anamwetulira mwaulemu kwambiri, kupepesa katatu, koma chitseko osatsegula. Ulemu wa kuno umatero, amakukana akukupepesa mpaka umasowa poyambira kukalipa. £50 inapita, tikiti ya sitima inapita, malipiro a tsiku lonse anapita. Lamulolo linalembedwa ndithu pa tsamba lolembetsera, ine ndi amene sindinawerenge, koma zimenezo sizinandiletse kulira m'chimbudzi cha pa siteshoni.

Choncho abale, dzina mulembe ndendende monga lilili pa chiphaso chimene mudzapite nacho. Maina onse, chilembo ndi chilembo.

M'sitima pobwerera ndinatsegula buku lowerengera mayeso lija kuti tsiku lisapite pachabe, ndipo tsamba limene ndinagwerapo linali lofotokoza kuti malamulo aakulu oyendetsera dziko la Britain sanalembedwe m'buku limodzi. Ndinaseka ndekha ngati wamisala. Dziko lonse likuyenda popanda pepala, koma ine landibweza chifukwa cha mawu amodzi osowa pa pepala!

Usiku womwewo ndinaimbira achimwene anga aakulu amene amakhala ku South Bend, ku Indiana. Iwo anatenga unzika wa America kale, ndipo sataya mpata wondiseka.

"Achemwali, nanga mfumukazi yanu yangomwalira kumene, mfumu yatsopanoyo siingakuchonderereni?"

"Achimwene, musandiyambe lero."

"Ife kuno tili ndi pepala, mwamva? Linalembedwa ku Philadelphia mu 1787. Ukalifuna umaligula, umaliika m'thumba."

Kuyambira tsiku limenelo kuwerenga kwanga kunasanduka mkangano wa pa WhatsApp, ndipo mkanganowo ndi umene unandikhozetsa, osati buku. Ngati muli ndi munthu wokangana naye, m'gwiritseni ntchito.

Mayeso awo ndi athu ndi osiyana kuyambira pa kakhalidwe. Iwo nthawi yawo anapatsidwa mafunso 100 oti aloweze, nkukakhala maso ndi maso ndi wa ofesi amene anawafunsa pakamwa; ukakhoza 6 mwa 10 watha. Mafunso ake ambiri ndi a kayendetsedwe ka boma: maseneta alipo 100, aphungu a nyumba inayo 435, oweruza a khoti lalikulu 9, malamulo aakulu asinthidwa ka 27. Athu kuno ndi a pa kompyuta, mafunso 24 m'mphindi 45, ukhoze 18. Koma zimene amafunsa! Akazi asanu ndi mmodzi a Henry VIII, tsiku la St David, mpikisano wa mahatchi, nkhondo ya 1066. Poyamba ndinkakwiya kuti zimenezi zikundithandiza chiyani posamalira okalamba usiku. Kenako ndinazindikira kuti akufunsa mbiri chifukwa malamulo awo ali m'mbirimo, omwazikana ngati mbewu za m'munda wa agogo: Magna Carta ya 1215 apa, Bill of Rights ya 1689 apo, mgwirizano wa England ndi Scotland wa 1707, malamulo a 1911 ndi 1949 ochepetsa mphamvu za House of Lords (nyumba yachiwiri ya malamulo, yosasankhidwa ndi anthu), Human Rights Act ya 1998. Zotsalazo ndi mwambo chabe.

Chimene chinanditsegula mutu ndi kukumbukira kumudzi. Ndani analemba kuti ufumu umapita kwa mwana wa mlongo wake wa mfumu? Ndani analemba kuti mbumba ikhale pansi isankhe? Palibe, koma yesani kulumpha muone. Ndi mmene zilili kuno. Lamulo lililonse liyenera kuvomerezedwa ndi mfumu, ndipo pa pepala mfumu ikhoza kukana, koma womaliza kukana anali Mfumukazi Anne mu 1708. Kuyambira pamenepo palibe amene wayerekeza. Nduna yaikulu sisankhidwa ndi dziko lonse; ndi munthu amene aphungu ambiri mwa 650 a House of Commons ali kumbuyo kwake. Nchifukwa chake chaka chimene ndinkawerengacho tinaona nduna zazikulu zitatu popanda voti ya anthu: Boris Johnson, Liz Truss amene sanathe ngakhale miyezi iwiri, kenako Rishi Sunak. Achimwene ankandifunsa m'mawa uliwonse kuti lero akulamulira ndani, ndisakalakwe mayeso.

Iwo ankati mwambo ndi wabwino pokhapokha anthu akhale ndi manyazi, tsiku limene kudzabwere wopanda manyazi mudzagwira chiyani? Ndipo anali ndi mfundo. Mu 2019 Johnson anatseka Nyumba ya Malamulo kwa masabata asanu nkhani ya Brexit, yoti Britain ituluke mu European Union, ili pamoto, mpaka oweruza 11 a khoti lalikulu, onse ndi mawu amodzi, anagamula kuti kutsekako kunali kosaloledwa. Komabe khoti lomwelo silingafafanize lamulo limene Nyumba ya Malamulo yakhazikitsa, pamene la ku America limatha. Ife Amalawi tinazolowera za mtundu wa America pamenepa; tonse tikukumbuka 3 Febuluwale 2020 pamene oweruza anafafaniza chisankho cha pulezidenti ndi buku la malamulo m'manja.

Ine ndinkawabwezera ndi nkhani ya mfuti. Mu 1996 munthu anapha ana 16 ndi mphunzitsi wawo pa sukulu ya ku Dunblane, ku Scotland, ndipo chaka chotsatira Nyumba ya Malamulo inaletsa mfuti zazing'ono za m'manja. Basi, nkhani inathera pomwepo. Kwawoko ufulu wokhala ndi mfuti uli m'pepala lija kuyambira 1791, ndipo kuti musinthe mawu amodzi pamafunika magawo awiri mwa atatu a nyumba zonse ziwiri, kuwonjezera zigawo 38 mwa 50. Ndikatero achimwene amakhala chete pang'ono, chifukwa ana awo kusukulu amaphunzitsidwa kubisala.

Ndasochera. Ndibwerere ku mayeso. Ulendo wachiwiri ndinalemba maina onse atatu, ndinayerekeza ndi pasipoti mpaka maso kuwawa, kenako ndinapatsa mwana wanga kuti ayerekezenso. Foni ndi chikwama amatsekera mu loka, amakuuza uonetse m'makutu ndi m'manja. Ndinatuluka pasanathe mphindi 15, nditakhoza. Nambala imene amakupatsa ukakhoza muisunge bwino, chifukwa mayesowa ukakhoza kamodzi wakhoza mpaka kalekale. Ine ndinaigwiritsa ntchito popempha chilolezo chokhala kuno mpaka kalekale, ILR, nkudzaigwiritsanso ntchito pa unzika.

Ukapeza ILR umadikira miyezi 12 usanapemphe unzika, pokhapokha ngati uli pa banja ndi nzika ya kuno. Nthawi imeneyi musangokhala. Werengani masiku amene munatuluka m'dziko: asapitirire 450 pa zaka zisanu, ndipo asapitirire 90 m'chaka chomaliza. Ine ndinakhala pansi ndi pasipoti ziwiri, yakale ndi yatsopano, kuwerenga zidindo za ku Chileka ndi ku KIA, ndipo ulendo wa maliro a mayi wokha unadya masiku 41. Pali kenanso kamene ambiri amakaphonya: tsiku limene pempho lanu lalandiridwa, mukabwerera m'mbuyo zaka zisanu zenizeni, mukhale kuti munali m'dziko muno tsiku limenelo. Mukufunikanso mboni ziwiri zokudziwani zaka zitatu, osati achibale; mmodzi akhale wa ntchito yodziwika, winayo akhale ndi pasipoti ya Britain. Abusa athu ndi nesi wamkulu wa kuntchito anandisainira. Ndipo pa fomu iliyonse, ndabwerezanso, maina onse atatu.

Ndalama ndiye musandifunse. Unzika wanga wokha unadya mapaundi opitirira 1,500, mwambo wolumbira umalipiranso. Achimwene akuti fomu yawo N-400 ndi madola mazana asanu ndi awiri ndi kanthu. Koma chimene chimandipweteka si changa, ndi cha mwana. Ana a achimwene anabadwa ali nzika za America, chifukwa kusintha kwa nambala 14 kwa mu 1868 kunalemba zimenezo m'pepala lija. Wanga anabadwira m'chipatala cha kuno, chilankhulo chake ndi cha kuno, nsima amadya ndi foloko, koma sanabadwe nzika, chifukwa Nyumba ya Malamulo inathetsa unzika wongobadwira kuyambira 1 Januwale 1983. Ndinachita kumulembetsa, mapaundi ena opitirira 1,000. Apa ndiye ndinavomera kwa achimwene kuti kufewa kwa malamulo komwe ndinkanyadira pa nkhani ya mfuti kwandiluma ine ndemwe. Anasangalala sabata yonse.

Ndinaiwala kunena chinthu chimodzi chimene chimawawawa iwo. Ine ndakhala ndikuvota kuno ndisanakhale nzika, chifukwa Malawi ali mu Commonwealth ndipo wokhala kuno movomerezeka amaloledwa. Iwo ndi green card yawo, chilolezo chokhazikika ku America, anadikira zaka osaponyako voti. Pa 4 Julaye 2024, tsiku lenilenilo limene iwo ankaotcha nyama kukondwerera kuti anathamangitsa mfumu ya Britain mu 1776, ine ndinali pa mzere m'holo ya tchalitchi, pensulo m'manja. Tsiku lotsatira masana Keir Starmer anali atalowa kale ku Downing Street, kunyumba ya nduna yaikulu, Sunak atalongedza. Kwawo amavota mu Novembala, wopambana nkudikira mpaka 20 Januwale.

Kalata yoitanira ku mwambo ikabwera muli ndi miyezi itatu yoti mukalumbire, imbani ku khonsolo tsiku lomwelo chifukwa malo amadzaza. Amakufunsa ngati ulumbira potchula Mulungu kapena ungolonjeza. Achimwene polumbira anakana mafumu onse akunja nkulonjeza kuteteza Constitution, kutanthauza pepala. Ine ndinalonjeza kukhulupirika kwa munthu, Charles III, ndi olowa m'malo mwake, kenako lonjezo lachiwiri lolemekeza ufulu ndi malamulo a dziko. Pakamwa panalemera pang'ono, sindinama. Agogo aamuna anamangidwapo mu 1959 nthawi ya chipwirikiti cha Nyasaland, ndipo ndinkaganiza kuti akanati chiyani kumva mdzukulu wawo akuimba nyimbo yopempherera mfumu. Chinandilimbitsa mtima nchakuti pasipoti ya Malawi sindikuitaya, poti kwathu tsopano amalola unzika wa mayiko awiri. Atatha zonse anatipatsa tiyi ndi mabisiketi.

Potuluka ndinatumiza chithunzi ku Indiana. Yankho linabwera nthawi yomweyo: "Zikomo achemwali, tsopano ndinu a mfumu. Mukagwada mutiuze." Sindinawayankhe. Ndinali nditaimirira pa khonde la khonsolo, satifiketi m'manja, chala chili pa dzina la agogo, ndikuwerenga chilembo chimodzichimodzi ndisanatsegule fomu ya pasipoti.