Zomwe ndaphunzira pa nkhani ya matanga ku Chivero

Papita miyezi inayi tsopano ndikupita ku Lake Chivero, nyanja ya kufupi ndi Harare ku Zimbabwe, Loweruka lililonse kukaphunzira kuyendetsa bwato la matanga, ondiphunzitsa ndi amalume anga omwe anayamba kukonza mabwato kumeneko ine ndisanabadwe. Bwato lathu ndi Hobie 16 yakale, ija yooneka ngati mabwato awiri olumikizana, pakati pali chinsalu chokhalapo. Bwato lenilenilo lili bwinobwino koma thanga ndiye latha, ndipo nkhani yogula lina yandiphunzitsa zambiri kuposa mmene ndimaganizira.

Ine ndimaona ngati thanga kutha ndiye kuti lang'ambika basi. Ayi ndithu. Amalume analiyala pa udzu nkundiuza kuti ndiligwire, nsalu yake ili lobodo ngati chitenje chochapidwa kambirimbiri, pomwe Dacron, nsalu yosokera matanga, ikakhala yatsopano imakhala youma gwaa, ukaipinda imachita kulira. Kenako anakanda ulusi wa pamsoko ndi chikhadabo, ulusi uja kungoti dukuduku. Akuti ndi dzuwa limenelo, Harare ili pamwamba mamita pafupifupi 1,500 ndiye dzuwa lake limadya nsalu ndi ulusi womwe, makamaka thanga likamasiyidwa panja osafunditsa.

Koma chomwe chinanditsegula mmaso ndi ichi, thanga si nsalu yafulati ayi, amalisoka ndi kamimba ngati phiko la ndege, ndipo kamimbako ndi kamene kamakoka bwato. Likakalamba nsalu imatamuka, mimba ija imasunthira kumbuyo, ndiye mphepo ikabwera bwato limangopendekeka koma liwiro palibe, ndipo kulunjika komwe kukuchokera mphepo kumavuta. Hobie 16 ilibenso thabwa lija lolowetsa pansi pa madzi loletsa bwato kukankhidwira chammbali, kutembenuka kwake nkovuta kale, ndiye ndi thanga lotopa tsiku lina tinangoima njii mphepo nkutikankhira mu namasupuni, tinachita kupalasa ndi manja kuti tituluke.

Tsono pogula pali njira ziwiri, thanga la kampani yomwe inapanga bwatolo kapena la osoka matanga ena apadera. Ine mtima unali pa la kampani, sindibisa, chifukwa cha dzina komanso umadziwa kuti likwana. Ndipo kukwanako si nkhani yaing'ono, chingwe cha mmphepete mwa thanga chimayenera kulowa bwino mu mpata wa mlongoti, chikanenepa pang'ono ndiye kukweza thanga ndi nkhondo, chikawonda chimavuuka mphepo ikalimba. Palinso matumba a mabateni, timitengo tija timalowa mopingasa thanga lonse, akasiyana kutalika ndiye kuti mabateni ako akale sagwiranso ntchito. Chachikulu china ndi malamulo, pa mpikisano wovomerezeka wa Hobie 16 amafuna matanga a kampani yokha kuti mabwato onse akhale ofanana, wopambana apambane ndi luso osati ndi thumba. Lamulo limeneli ine ndimaligwirizana nalo kwambiri.

La osoka apadera nthawi zambiri limatsikirako mtengo, ndipo utha kupempha nsalu yokhuthala yoti ipirire. Vuto lake miyezo ikalakwika, poti zambiri zoterezi zimachokera ku South Africa, kubweza katundu kudutsanso pa Beitbridge, malire a Zimbabwe ndi South Africa, aliyense wa kuno akudziwa kuvuta kwake.

Amalume anangondifunsa funso limodzi tili pa gombe, "Mphwanga, chaka chino ukupita ku mpikisano kapena ukadaphunzira?" Ndinakhala chete. Zoona zake ndikadagudubuza bwato, thanga limamira, limakhula mmiyala, mwina ndidzaliponda pokweza, ndiye kuika ndalama zonsezo pa la kampani panopa kungakhale kuliwononga. Mtima wanga uli ku Nyanja ya Malawi, kwao kwa agogo, kukayendetsa tsiku lina pa mwera weniweni, ndipo tsiku limenelo likadzafika ndidzasunga ndalama ndigule la kampani.

Panopa tasankha la osoka apadera, loyera, lopanda mitundu poti mitundu imasuluka msanga. Loweruka likubwerali tikagwetsa mlongoti, ine ndi tepi amalume ndi kope, tikayeza kawirikawiri mpata uja, chingwe ndi bateni lililonse, tijambule pa foni titumize, kuti mwina lifike mphepo ya Ogasiti isanayambe.