Mizere yachikasu m'zikhatho

Machubu a magazi amabwera ambirimbiri mu labotale yathu kuno ku Cape Town, koma sabata ino chubu cha bambo wina wodwala ndicho chinatidya mutu. Chitatuluka m'makina ozunguza Lolemba, madzi apamwamba anali ambuu ngati madzi otsukira mpunga. Kolesterolo inali pamwamba, ma triglyceride (mtundu wina wa mafuta a m'magazi) nawonso, ndipo manambala awiriwo ankangotsala pang'ono kufanana. Kompyuta yathu imawerengera LDL, kolesterolo yoipa ija, ndi njira ya Friedewald ya 1972, yomwe siidalirika ma triglyceride akadutsa 4.5 mmol/L, ndiye nambala imeneyo ndinaichotsa pa lipoti n'kuimba foni ku wodi.

"Adokotala, taonani m'manja mwa bambowo."

Anapezadi mizere yachikasu m'makwinya a zikhatho. Chizindikiro chimenechi chimaloza matenda otchedwa dysbetalipoproteinaemia, pomwe zotsalira za mafuta zimangozungulira m'magazi chifukwa chiwindi chikulephera kuzigwira. Chimazigwira kudzera pa puloteni ya apoE, yomwe jini yake ili pa chromosome 19. Jiniyi ili ndi mitundu itatu yodziwika, e2, e3 ndi e4, yosiyana pa malo awiri okha, 112 ndi 158. Mtundu wa e2 sumatirira bwino ku chiwindi. Komabe ambiri amene anatengera e2 kwa makolo onse awiri sadwala. Matendawa amabuka pakawonjezeka shuga, kunenepa, mowa kapena chithokomiro chofooka.

Lachitatu zotsatira za kuyeza jiniyi zinatuluka: e3/e3, kutanthauza e3 kuchokera kwa makolo onse awiri, popanda e2. Mnzanga wina anati nkhani yatha, tiiwale za apoE. Ine ndinakana. Kuyeza kwa masiku onse kumangoyang'ana malo awiri aja, ndipo kunakonzedwa potengera zomwe zimapezeka kawirikawiri mwa azungu. Pali kusintha kwina pa malo 145, kotchedwa R145C, komwe ofufuza a kuno ku Cape Town anafotokoza m'ma 1990 mwa anthu akuda. Kumeneku munthu angathe kudwala nako ngakhale atangotengera kwa kholo limodzi. Tinayeza, ndipo kunapezeka.

Chimandivuta ndi kuyeza jini ya apoE n'chakuti umapeza zomwe sunafunse. Mtundu wa e4, womwe ndi wofala mwa anthu a ku Africa kuposa a ku Ulaya, umakweza LDL pang'ono komanso umakhudzana ndi matenda a Alzheimer. Munthu wabwera kudzayezetsa mafuta, ndiye umuuze zimenezo? Kwa bambowa funsoli silinabuke.



Lachisanu adokotala anayambitsa bambowa statin, mankhwala otsitsa kolesterolo, ndipo anati fenofibrate, otsitsa ma triglyceride, adzaganizira shuga wa bambowa akatsika, poti matendawa amamva mankhwala msanga. Analembanso makalata oti ana awo ndi abale awo a bere limodzi abwere kudzayezetsa. Pa fomu iliyonse ndinalemba ndi cholembera chofiira kuti ayeze R145C, asangoyeza 112 ndi 158.