Mawu a mboni akafika ku Beira

Sabata ino aphunzitsi athu a zamalamulo anatipatsa mlandu wongopeka kuti tiuganizire. Bambo wina waphedwa usiku kudimba la mbatata ya kachewere, mnyamata wina wapezeka wolakwa, ndipo loya wake wachita apilo, imene kuno ku Mozambique timaitcha recurso. Anatifunsa kuti oweruza a khoti la pamwamba ayambira pati. Ine ndinayankha msanga kuti aitananso mboni zonse. Aphunzitsi anangopukusa mutu.

Mlandu wogamulidwa kukhoti la chigawo mumzinda wa Tete, apilo yake imapita ku Tribunal Superior de Recurso ku Beira, ndipo pamwamba pake pali Tribunal Supremo ku Maputo. Oweruza a ku Beira kawirikawiri saiona nkhope ya mboni. Amawerenga mapepala: zimene mboni zinanena, lipoti la dokotala amene anayeza mtembo, zimene anapeza ofufuza a SERNIC (bungwe la boma lofufuza milandu), ndi zifukwa zimene woweruza woyamba anapereka pokhulupirira uyu n'kumukayikira uyo. Woweruza ali ndi ufulu woyeza umboni monga wauonera, koma ayenera kufotokoza njira imene wayenda, ndipo njirayo ndi imene apilo imaitsata phazi ndi phazi. Ngati dokotala akuti bala ndi la nkhwangwa pamene mboni ikuti inaona mpeni, chigamulo chinene chifukwa chake kusiyanako sikunagwetse mlandu. Kukayika kwenikweni kukatsala, kumakomera wozengedwa mlandu. Ndiyo in dubio pro reo imene taloweza chaka chonse. Malamulo aakulu a dziko amanenanso kuti umboni wopezeka pozunza munthu ulibe ntchito.

Zonsezi zili m'buku. Chimene chandisowetsa tulo ndi china.

Ndinabadwira ku Angónia, m'chigawo cha Tete. Ndikudziwa mmene agogo a kwathu amayankhulira akaima pamaso pa akuluakulu: amazungulira, amatsitsa mawu, sayang'ana munthu m'maso. Khoti limalemba m'Chipwitikizi, ndiye mawu awo amadutsa kaye pakamwa pa womasulira. Taganizani mayi akunena kuti "ndinamva". Kodi anamva ndi makutu ake kukuwa kudimbako, kapena anamva kwa anzake pachitsime m'mawa mwake? Koyambako ndi umboni wa munthu amene analipo. Kwachiwiriko ndi zongomva, ndipo mphamvu yake ndi yochepa kwambiri ngati amene anayambitsa nkhaniyo sanaitanidwe. Nanga "mbale wanga"? Kwathu angakhale wa bere limodzi, angakhale wapamudzi chabe, koma woyeza ngati mboni ikukondera amafuna kudziwa kuti ndi uti. Womasulira akasankha liwu limodzi, ku Beira kumafika liwu lomwelo, lina lija latsala m'chipinda cha khoti.

Pali oweruza osankhidwa, ma juízes eleitos, anthu wamba amene angathe kumva chinenero cha mboni. Koma iwo amakhala pa kuzenga koyamba kokha.

Mnzanga wina m'kalasi anati tisadandaule kwambiri popeza Mozambique inathetsa chilango cha imfa mu 1990. N'zoona, ndipo ndimanyadira zimenezo. Koma zaka makumi awiri m'ndende kwa mnyamata wosalakwa ndi munda wogonera, ana okula opanda bambo. Ndiponso banja la malemu limakhala litanamizidwa, wakupha weniweni akuyenda pamsika.

Ndinafunsa kuti, "Aphunzitsi, nanga loya angatani ngati kumasulira kwapotoka?" Anandiyankha kuti adandaule nthawi yomweyo ndi kuonetsetsa kuti dandaulolo lalembedwa, chifukwa chimene sichili m'mapepala n'chovuta kuchidzutsa pa apilo. Ndiye kuti loya wosamva Chichewa sangazindikire n'komwe kuti pali choti adandaule, ndipo osauka ambiri amadalira amene IPAJ, bungwe la boma lothandiza osauka pa milandu, yawapatsa.

Tchuthi chikubwerachi ndikakhala kumbuyo m'khoti la ku Ulongué, likulu la Angónia, ndi kope langa. Tsamba lililonse ndidzalidula pakati, uku mawu a mboni, uku mawu a womasulira.